NYUMBA ZOPATULIKA ZA MITUNDU INA

Mtundu uli wonse wa anthu uli ndi malo amene uwayesa opatulika. Makolo athu anali kumanga kacisi, kanyumba ka mitengo ndi udzu, kumene anali kuthira nsembe popempha mvula. Koma nyumba iri yonse iri ndi adani ace, ndiwo mvula, ciswe, moto ndi nkhondo. Cifukwa cace anthu a maiko ambiri abvutika ndi funso ili: kodi nyumba ya mapemphero ingasungike bwanji kuti adzukulu adzaipeze? Pano tiona m'mene anayankhira anthu a ku Ethiopia, a ku Mali ndi a ku Japan.

Macalici a m'thanthwe ku Lalibela

M'mapiri a kumpoto kwa Ethiopia muli mudzi wochedwa Lalibela, umene unatenga dzina la mfumu imene inalamulira kuyambira ca m'ma 1181 kufikira ca m'ma 1221. Pamenepo pali macalici 11 amene sanamangidwe ndi njerwa, koma anasemedwa m'thanthwe. Amisiri anayamba pamwamba, nakumba ngalande yakuya mozungulira, nasiya cimwala cacikulu pakati. Atatero anaboola cimwalaco, natulutsa zitseko, mazenera, nsanamira ndi zipinda. Nchito yotere siilola kuphonya, pakuti mwala umene wacotsedwa sungabwezedwenso.

Calici ca Bete Giyorgis ciri ndi maonekedwe a mtanda, ndipo kuya kwace ndi mapazi ngati 40. Munthu woimirira pamwamba aona denga lace pa mapazi ace. Cacikulu koposa onse ndi Bete Medhane Alem, cimene m'litali mwace cipitirira mapazi 100. Mbiri ya eni dziko inena kuti mfumu inafuna kupatsa anthu ace Yerusalemu watsopano, popeza Saladin analanda mzinda wa Yerusalemu mu 1187. Ngakhale kamtsinje ka pamenepo anakacha Yordano. Anenanso kuti anthu anali kugwira nchito usana, ndipo angelo anali kupitiriza usiku. Akatswiri ofufuza zakale aganiza kuti ena mwa macaliciwa anayamba kusemedwa mfumuyo isanabadwe.

Kufikira lero Akristu a mpingo wa Orthodox apemphera m'menemo, ndipo pa 7 January, tsiku lao la Krisimasi, afika anthu zikwi zambiri atabvala nsaru zoyera. Koma ngakhale thanthwe likalamba. Mvula yalowa m'ming'alu, kotero kuti mu 2008 anamanga madenga akulu pamwamba pa macalici ena kuti awachinjirize.

Mzikiti wa dothi ku Djenné

Ku Mali, pafupi ndi mtsinje wa Bani, kuli mzinda wa Djenné. Kumeneko miyala njosowa, koma dothi nlocuruka. Mbiri inena kuti mfumu Koi Konboro italowa Cisilamu m'zaka za m'ma 1200 inamanga mzikiti woyamba. Umenewo unagwa m'zaka za m'ma 1800 utalekeredwa, ndipo umene ulipo tsopano unatha kumangidwa mu 1907, mmisiri wamkulu ali Ismaila Traoré. Waima pa ciunda ca mapazi ngati 10 kuti madzi osefukira asaufikire. Pa nsonga za nsanja zace anaikapo mazira a nthiwatiwa, ndipo m'zipupa mwace mwaturuka mitengo ya kanjedza yambirimbiri. Mlendo angayese kuti mitengoyo njokometsera cabe, koma ndiyo makwerero a omata.

Pakuti nyumba ya dothi siingapirire mvula popanda kumatidwa, caka ndi caka mzinda wonse usonkhana kudzamata mzikiti wao. Masiku angapo tsikulo lisanafike aponda dothi m'maenje, nalisanganiza ndi mankhusu a mpunga. Pa tsikulo akazi atunga madzi, anyamata athamanga ndi madengu a dothi mopikisana, amisiri akwera pa zipupa, ndipo nkhalamba zimene zinamata kale zikhala pansi ndi kuyang'anira. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga. Mwana amene asenza dengu lero ndiye adzakhala mmisiri mawa. Mu November 2009 mbali ya nsanja imodzi inagwa ndi mvula yamphamvu, koma inamangidwanso, cifukwa anthu odziwa kamangidwe kace analipo.

Kacisi wa mitengo ku Ise

Anthu a ku Japan a cipembedzo ca Shinto anatsata njira ina yodabwitsa. Ku Ise kuli kacisi wa Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa, amene amuyesa kholo la mafumu ao. Kacisiyu ngwa matabwa osapakidwa utoto, ndi denga la udzu. Pambali pace pali bwalo lopanda kanthu. Zikatha zaka 20 amanga kacisi watsopano pa bwalolo, wofanana ndi wakale m'zonse, nasamutsira zopatulika m'menemo usiku, ndipo pambuyo pace apasula wakaleyo. Matabwa ace sawataya, koma awagawira akacisi ena. Zobvala ndi zipangizo za m'kacisi nazonso azipanga zatsopano.

Mwambo umenewu unayamba mu 690. Unalekeka zaka zoposa 100 pa nthawi ya nkhondo za m'ma 1400 ndi 1500, koma unayambanso. Mu 2013 anamanga kacisiyu kacitatu kuonjeza pa makumi asanu ndi limodzi kusowa kamodzi, ndiko kunena ka 62, ndipo ayembekeza kumanganso mu 2033. Kukonzekera kwace kutenga zaka 8, ndipo anthu wamba athandiza kukoka mitengo ndi zingwe. M'zaka 20 mnyamata amene anaphunzira pa kumanga kwapita akhala mmisiri, ndipo pa kumanga kotsatira akhala wophunzitsa ena. Motero luso silifa pamodzi ndi mwini wace.

Zimene tiphunzirapo

Mwambo wa ku Ise suli wacilendo kweni kweni kwa ife. Kacisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje ku Malawi, ndi nyumba ya mitengo ndi udzu, ndipo ikaonongeka Amang'anja ndi mafumu ao aimanganso monga mwa mwambo. Munthu wa m'tauni, wozolowera nyumba za njerwa ndi malata, angapeputse kanyumba kotere poyesa kuti cinthu ca mtengo wapatali ciyenera kukhala ca mwala. Koma taona kuti thanthwe la ku Lalibela lifuna denga, pamene dothi la ku Djenné ndi matabwa a ku Ise zasungika cifukwa ana aphunzira kwa akulu.

Lalibela analembedwa m'kaundula wa UNESCO wa cuma ca dziko lonse mu 1978, ndipo Djenné mu 1988. Komabe mu 2016 Djenné anaikidwa pa mndandanda wa malo amene ali pangozi, cifukwa ca kusowa mtendere m'dzikolo. Kaundula sangamate cipupa. Tsono inu owerenga, mukapita kumudzi, funsani akulu amene adziwa za malo opatulika a kwanu akali moyo, ndipo tengani ana anu kuti akamve okha.