Mlandu wa ku Pretoria ndi piritsi la ku Balaka

Anthu a kwa Nsamala amalandira ma ARV aulere pachipatala cha Balaka, ndipo ine ndimati mwayiwu unadutsira m'khoti. Mu 1998 makampani opanga mankhwala anasumira boma la South Africa kukhoti la ku Pretoria, ati lamulo lake lofuna mankhwala otchipa likuphwanya ma patent, ziphaso zoletsa ena kupanga chimene iwe watulukira. Anthu akufa, iwo ali kalikiliki ndi maloya. Makampani 39 aja anausiya mlanduwo mu 2001.

Pa nthawi yomweyo, ku India ziphasozi sizinkamanga manja opanga mankhwala. Kampani ya kumeneko, Cipla, inaphatikiza mankhwala atatu a makampani osiyanasiyana m'piritsi limodzi, Triomune, chinthu chimene eni ziphaso, aliyense atakakamira chake, anali asanachite. Mtengo unatsika kufika madola 350 pachaka. Ndiwo mankhwala amene boma la Malawi linayamba kugawa ulere mu 2004.