Oimba Amene Boma Linawakankhira M'ndale

Gulu la The Plastic People of the Universe linayamba mu 1968 mumzinda wa Prague, patangotha masabata ochepa akasinja a Soviet Union ndi mayiko anzake atalowa mu Czechoslovakia. Anyamatawa, motsogozedwa ndi Milan Hlavsa woimba gitala ya besi, sankanyoza chipani cholamula cha chikomyunizimu m'nyimbo zawo. Ankatengera kaimbidwe ka Frank Zappa ndi The Velvet Underground, tsitsi lili lendelende m'mapewa, basi. Amene anawalowetsa m'ndale ndi boma la Gustáv Husák lomwelo, lomwe linkafuna kuti woimba aliyense ayesedwe kaye, mawu a nyimbo zake avomerezedwe, tsitsinso limetedwe. Iwo atakana, mu 1970 analandidwa chilolezo choimbira anthu ngati ntchito. Zitatero ankaimba mobisa, pa maukwati ndi m'nyumba za kumidzi, anthu akunong'onezana za malo. Mu 1976, ataimba pa phwando la ukwati wa mtsogoleri wawo pa zaluso, Ivan Jirous, ku Bojanovice, apolisi anagwira oimba ndi anzawo ambiri. Mlandu unali wosokoneza bata, umboni wake mawu olaula a m'nyimbo. Jirous anagamulidwa miyezi 18, Vratislav Brabenec woimba saxophone miyezi 8.

Wina angatsutse kuti nyimbo zomvedwa ndi anthu ochepa, zimene ambiri ankangoti ndi phokoso, sizingagwedeze boma. Mbali ina akunena zoona, chifukwa chikomyunizimu chinalamulirabe zaka 13 mpaka 1989, ndipo chinagwa pa zifukwa zazikulu kuposa gitala. Koma mlanduwo unachita zimene timapepala ta otsutsa boma tinali tisanachite: unasonkhanitsa anthu amene sankayendera limodzi, olemba mabuku, Akhristu, ndi achikomyunizimu akale amene anachotsedwa m'chipani 1968 itadutsa. Václav Havel, wolemba masewero, anaona kuti ngati munthu angamangidwe popanda chonena pa ndale, kungoti waimba mmene akufunira, ndiye kuti kukhala chete sikuteteza aliyense. Pa mgwirizano umenewu ndi pamene panamera Charter 77 mu Januwale 1977, chikalata chimene poyamba chinasainidwa ndi anthu oposa 240, chouza boma kuti lilemekeze maufulu amene lokha linavomera ku Helsinki mu 1975. Mmodzi wa aneneri ake oyamba, Jan Patočka, mphunzitsi wa filosofi, anamwalira mu Malichi chaka chomwecho apolisi atamufunsa mafunso kwa maola ambiri. Oimba aja anapitiriza, nthawi zina kunyumba ya Havel ku Hrádeček, koma Brabenec anavutitsidwa mpaka anasamukira ku Canada mu 1982.