Kodi Mumadziwa? Za Foni Yamakono Ili M'thumba Mwanuyo

Kodi mumadziwa kuti munthu woyamba kuimba foni yam'manja anali Martin Cooper wa kampani ya Motorola? Anaimba pa 3 Epulo 1973 ataima mumsewu ku New York, ndipo amene anamuimbirayo anali Joel Engel, katswiri wa kampani yopikisana nawo. Chifonicho chinkalemera kuposa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Foni zamakonozi, zimene timangokhudza ndi chala pagalasi, ndi zadzulodzuloli. Steve Jobs anaonetsa iPhone yoyamba mu Januwale 2007, ndipo foni yoyamba ya Android inatuluka mu 2008. Kuno kwathu TNM inayamba mu 1995, kenako mu 1999 kunabwera Celtel, imene inadzasanduka Zain, n'kudzakhala Airtel mu 2010.

Nanga mumadziwa kuti Tecno, itel ndi Infinix ndi zakampani imodzi? Mwini wake ndi Transsion ya mumzinda wa Shenzhen ku China. Kampaniyi inakopa anthu a mu Africa posamala zimene ena ankazinyalanyaza: malo a simukhadi ziwiri, batire lokhalitsa, ndi kamera yojambula bwino nkhope ya munthu wakuda.

Kodi mumadziwa kuti ndalama zapafoni zinatchukira ku Kenya? Kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa mu 2007. Ku Malawi kuno Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira mu 2013. Amene akukumbukira kupatsira ndalama kondakitala wa basi, n'kutsala ukupemphera kuti zikafike, akudziwa kukula kwa kusinthaku. Lero fizi ya mwana, mayunitsi a magetsi, chipepeso cha maliro, zonse zimapita munthu ali khale pakhonde.

Koma apa mvetsetsani. Zonsezi sizilira foni yamakono ayi. Mukadina *211# kapena *444# pa kafoni ka mabatani, ndalama zimayenda chimodzimodzi. Chipatala Cha Pa Foni, chija chinayambira ku Balaka mu 2011, mumachipeza ndi foni iliyonse. Ndikutsindika zimenezi chifukwa zimandiwawa kuona munthu akugulitsa mbuzi kapena kutenga katapila kuti agule foni yaikulu, pamene zimene akufuna kuchita kafoni kake kakale kamazitha, komanso batire lake limagona masiku angapo osatchaja.

Ndiye foni yamakono imaposa pati? Kwa ine, imaposa pa mawu ndi chithunzi. Mayi amene sukulu anailekera panjira, woti kulemba uthenga kumamuvuta, amangodina kachizindikiro kojambulira mawu pa WhatsApp, n'kulankhula momasuka m'chinenero chake, mwana wake ku Johannesburg n'kumva zonse, ngakhale tambala amene akulira kuseri kwa nyumba. Mlimi akaona mbozi pamtima pa chimanga, amajambula n'kutumizira mlangizi. Telala amaonetsa madiresi amene wasoka, makasitomala n'kusankha ali kwawo. Wophunzira amalandira mapepala a mayeso akale pagulu la anzake a m'kalasi. Izi ndiye zoyenera kugulira foni yotere. WhatsApp yomweyi anaiyambitsa Jan Koum ndi Brian Acton mu 2009, ndipo mu 2014 Facebook inaigula pamtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni.

Kodi mumadziwa kuti GPS sidya bandulo? Foni imangolandira zizindikiro kuchokera ku masetilaiti amene akuzungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba. Chimene chimafuna intaneti ndi mapu. Mukawasungiratu mufoni muli pamalo a netiweki yabwino, adzakulondolerani njira ngakhale kumene netiweki kulibe.

Bandulo nayo, ambiri timadandaula kuti yatha tisanaigwiritse ntchito. Kawirikawiri woidya amakhala mufoni momwemo. WhatsApp, mukapanda kuiletsa, imatsitsa yokha zithunzi zimene anthu akuponya m'magulu onse amene mulimo, la kumpingo, la kuntchito, la banja, la amene munaphunzira nawo limodzi. Mavidiyo a pa Facebook amayamba okha musanawadine. Mapulogalamu ena amadzikonza okha mwakachetechete. Zonsezi zili ndi pozimitsira, ndipo mphindi zochepa zokhala pansi n'kuzimitsa zimapulumutsa ndalama ya ndiwo mlungu uliwonse.

Dinani *#06# pompano. Manambala 15 amene atulukewo ndi IMEI, chizindikiro cha foni yanu chimene sichisintha ngakhale wina ataikamo simukhadi ina. Alembeni m'kope kunyumba. Foni ikabedwa m'minibasi kapena mumsika, apolisi adzawafuna.

Komabe akuba ambiri a masiku ano salowetsa dzanja m'thumba. Amatumiza uthenga: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yavuta." Amautumiza kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti mmodzi mwa iwo analonjezadi kutumiza ndalama kwa wina tsiku limenelo. Ena amaimba modandaula kuti atumiza ndalama kwa inu molakwitsa, muwabwezere, pamene uthenga umene mwalandirawo aulemba okha. Musabweze musanaone ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Ena amadzitcha ogwira ntchito kukampani ya foni, amvekere mwapambana mphoto, n'kupempha nambala yanu yachinsinsi. Kampani ya foni kapena banki sifunsa nambala imeneyi. N'chimodzimodzi ndi manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa uthenga: mukangomuuza munthu, walanda akaunti yanu, ndipo ayamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Chonde akhalitseni pansi agogo ndi makolo athu, muwafotokozere izi pang'onopang'ono, chifukwa iwo amakhulupirira mawu aulemu a pafoni monga mmene amakhulupirira mlendo wofika pakhomo.

Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 2018, bungwe la MACRA linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe. Mukalembetsera munthu wina ndi chiphaso chanu, iye n'kukabera anthu, dzina lotulukira ndi lanu.

Kodi mumadziwa chifukwa chimene WhatsApp imakanizira kupatsira uthenga kwa anthu oposa 5 nthawi imodzi? Malire amenewa anafika padziko lonse mu 2019, mphekesera zabodza zokhudza oba ana zitaphetsa anthu osalakwa ku India. Ifenso mphekesera za anamapopa tikuzidziwa, ndipo tinaona miyoyo ikutayika. Kuwonjezera apo, dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, ndipo kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pafoni ndi mlandu.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati dalaivala amene akugwiritsa ntchito foni ali pachiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwira. Mukakwera kabaza n'kuona dzanja limodzi lili pachiwongolero, lina lili kukhutu, muuzeni aime. Moyo uli pampandopo ndi wanu.

Bungwe lomweli linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asakhazikidwe n'kumaonetsedwa zapafoni kapena pawailesi yakanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ndikudziwa, mayi akatanganidwa ndi mphika, foni imatontholetsa mwana msanga. Koma mwana amaphunzira kulankhula poyankhidwa ndi munthu, ndipo foni siyankha. Ife akuluakulu imatilanda tulo. Kuwala kwake usiku kumachedwetsa thupi kuzindikira kuti kwada, ndipo vidiyo imodzi imaitana inzake mpaka pakati pa usiku.

Mdani wamkulu wa batire ndi kutentha. Foni yosiyidwa padzuwa, kapena yotchajidwa ili pansi pa pilo, imakalamba msanga. Mukaona chivindikiro chakumbuyo chikutukuka, batirelo latupa: lekani kutchaja, musaliboole, kasinthitseni. Mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 n'kusiya kuwapanga chifukwa mabatire ake ankayaka moto. M'mabatire a mafoni muli mchere wa cobalt, ndipo pafupifupi magawo 7 mwa 10 a cobalt yense wapadziko amakumbidwa ku Democratic Republic of Congo, makamaka m'madera ozungulira Kolwezi, kufupi ndi malire a Zambia, kumene ena amakumba ndi manja m'maenje oopsa. Foni ikafa, musaiponye kudzala kumene mumatentha zinyalala, chifukwa batire limaphulika pamoto ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Kaiperekeni kwa okonza mafoni, amachotsamo zipangizo zokonzera ena.