Cifukwa Cake Lamya Ifunsa Nambala Yacinsinsi Kawiri

Pa Boma la Luangwa, limene kale linali Feira, pomwe mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi, asodzi ambiri masiku ano alandira ndalama za nsomba pa lamya. Koma polembetsa ku Airtel Money kapena ku MTN, ena adandaula kuti lamya iwabvutitsa: munthu akalemba nambala yacinsinsi, ija ya PIN, imuuzanso kuti abwereze.

Kubwerezaku nkoteteza mwini ndalama. Mabatani ngaang'ono, ndipo cala cozolowera nkhafi ndi ukonde ciphonya msanga. Nambala ziwirizo zikasiyana, lamya ikana pomwepo. Popanda ici, munthu akadatsekera ndalama zake m'bokosi limene mfungulo yake alibe.

Tsoka lidza pamene nkhalamba ya kwa Mphuka kapena kwa Mburuma itopa, nipereka lamya kwa mlendo kuti ailembere. Pamenepo cinsinsi catha. Nayenso wophonya nambala kangapo atsekeredwa, ndipo afunika citupa ca NRC kuti amtsegulire.

Nzeru njakuti munthu asankhe nambala yosaiwalika, osati caka cobadwa cimene cili pa citupa, ndipo ailembe yekha mosafulumira, kawiri konse.