Chikumbumtima pa Khomo la Sitolo ya Mankhwala

Mwezi uno tiyeni tilingalire pamodzi za mlandu umene wasautsa anthu a ku Amereka kwa zaka zoposa 20. Funso lake ndi ili: kodi munthu wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala angakane kupereka mankhwala ololedwa ndi boma chifukwa chakuti mtima wake ukumletsa? Nanga akakana, mayi amene waima pakhomopo apite kuti?

Mankhwala amene abutsa mkanganowu ndiwo mapiritsi olera a pangozi. Mayi amamwa mapiritsiŵa atakhala kale malo amodzi ndi mwamuna, monga pamene njira yake yolerera yalephera, kapena pamene wagwiriridwa. Mtundu wina, wotchedwa Plan B, unaloledwa ku Amereka m'chaka cha 1999, ndipo uyenera kumwedwa asanathe maora 72. Wina, wotchedwa ella, unaloledwa mu 2010. Uwu umafika masiku 5, koma umafuna kalata ya dokotala. Tiwone tsono kuti chuma chonse cha mayiyo ndi nthaŵi. Madzi akatayika saoleka.

Amene amakana sitiyenera kuwayesa anthu ouma mtima. Ambiri a iwo amaopa kuti mapiritsiŵa amaononga moyo umene wayamba kale, ndipo safuna kuikapo dzanja. Komabe mu December 2022, bungwe la FDA, limene limayang'anira mankhwala m'dzikomo, linalongosola kuti ntchito ya Plan B ndiyo kuletsa kapena kuchedwetsa dzira la mayi kuti lisatuluke, ndi kuti sachotsa pakati pamene pakhala kale. Chikumbumtima nacho chimafuna kuphunzira, pakuti changu chopanda nzeru chimapweteka osalakwa.

Maboma a zigawo sanamvane chimodzi. Ku Illinois, bwanamkubwa Rod Blagojevich analamula mu 2005 kuti masitolo azipereka mankhwala olera mosachedwa. Koma mu 2012 bwalo la apilo linagamula mokomera eni masitolo amene anakana, potsata lamulo loteteza chikumbumtima. Chigawo cha Washington chinatsata njira ina mu 2007: wantchito mmodzi angathe kupatuka, koma sitolo yokhayo iyenera kupereka mankhwalawo. Banja lina lachikhristu, eni sitolo mumzinda wa Olympia, linakadandaula ku bwalo. Linapambana mu 2012, linagonja pa apilo mu 2015, ndipo mu 2016 Bwalo Lalikulu la dzikolo linakana kumva mlanduwo.

Pamene akuluakulu akukokana chotere, wosauka nazo ndiye wa kumudzi. Mu January 2019, mayi wina wa m'tauni yaing'ono ya ku Minnesota anauzidwa ndi wopereka mankhwala kuti iye sangampatse ella chifukwa cha chikhulupiriro chake. Sitolo ina inali kutali, chotero mayiyo anayendetsa galimoto mamailosi oposa 100 kupita ndi kubwera, chipale chofeŵa chikugwa. Mu 2024 bwalo la apilo la chigawocho linagamula kuti kukana kotero kunali tsankho. Wa mumzinda akakanizidwa amangooloka msewu nkuloŵa m'sitolo ina. Koma wopanda galimoto, wopanda ndalama ya ulendo, kapena mtsikana wogwiriridwa amene walimba mtima kamodzi kokha kuti apemphe, akabwezedwa ndiye kuti wabwezedweratu.

Nanga ife tinene chiyani? Timalemekeza munthu amene sagulitsa chikumbumtima chake chifukwa cha malipiro, ndipo si kwabwino kuti boma lizikakamiza dzanja la munthu kuchita chimene mtima wake ukuchiyesa tchimo. Koma kupatuka m'njira ndi kwina, kutseka njira ndi kwinanso. Bungwe la akatswiri a mankhwala ku Amereka linavomereza mfundo yomweyi mu 1998: wantchito ali ndi ufulu wokana, koma pakhale dongosolo lakuti wodwala alandirebe mankhwala ake.

Choncho wokanayo auziretu mwini ntchito asanafike mayi wosoŵa thandizo. Anene msanga ndi mwaulemu kumene mankhwalawo akupezeka. Asabise kalata ya dokotala, asalalikire munthu pamaso pa anthu, ndipo asafunse zimene sizimkhudza, pakuti sadziŵa misozi imene yamfikitsa mnzakeyo pakhomopo.

Makolo anzathu, ambiri mwa ana athu akuphunzira unamwino ndi ntchito ya mankhwala, ndipo mapiritsi omweŵa akupezeka m'zipatala zathu. Tiwaphunzitse kuti mtengo wa chikhulupiriro cha munthu ausenze mwini wake, osausenzetsa mlendo amene wadza kudzapempha thandizo.