ASANAMUIKE MANJA, MPINGO UMAYAMBA WAFUNSA KUMUDZI

Pa tsiku la Sabata, pamene zolengeza za mpingo zili kuwerengedwa, nthawi zina pamamveka dzina la mnyamata amene mudzi wonse umdziwa bwino. Wowerenga amanena kuti mwana wa auje, amene wakhala ku sukulu ya ubusa zaka zingapo, ali pafupi kudzozedwa, ndipo ngati alipo wina wodziwa cifukwa comletsa, akaonane ndi akulu. M'chalichi mumangoti zii. Ena amawerama, ena amatsinana, ndipo anthu atatuluka, nkhani imene inayenera kunenedwa kwa akulu imakanenedwa ku citsime ndi pa bwalo la mowa.

Anthu ambiri amayesa kuti cilengezo cimeneci ndi mwambo cabe. Koma ndico cimodzi ca ziyeso zazikulu zimene munthu wofuna ubusa kapena unsembe ayenera kupyolamo, ndipo oyesa ake pa ciyeso cimeneci ndinu anthu a kumudzi, amene munamuona akukula.

Nchito ya mbusa siili monga nchito zina. Iye amalowa m'nyumba pa nthawi imene ena onse atsekeredwa kunja: pamene munthu ali kutsirizika, pamene mwamuna ndi mkazi wake ayambana, pamene mtsikana ali ndi nkhani imene aopa kuuza amai ake. Ndalama za copereka zimadutsa pamaso pake, ana a kalasi amaikidwa m'manja mwake, ndipo mau ake pa maliro angathe kuziziritsa mudzi kapena kuutentha. Wodzozedwa ali mnyamata angathe kutumikira zaka 30 kapena 40. Cifukwa cake mpingo ukalakwa posankha, anthu osauka a ku mipingo yakutali ndiwo amasenza colakwaco nthawi yaitali.

M'MENE ZINALILI KALE

Mipingo yakale ya m'Cigawo ca Kum'mawa siinali kufulumira kuika munthu manja. Amishoni a mpingo wa Dachi, umene lero uchedwa Reformed Church in Zambia, anafika pa Magwero m'caka ca 1899, koma mbusa woyamba wa m'dziko muno, Abusa Justo Mwale, anadzozedwa pa Madzimoyo m'caka ca 1929, patapita zaka 30. Iwo anaphunzira za ubusa ku Nkhoma m'dziko la Nyasaland, popeza kuno kunalibe sukulu yotere. Sukulu ya ubusa ya mpingowu inatsegulidwa pa Madzimoyo m'caka ca 1951, ndipo pambuyo pake inasamukira ku Lusaka, kumene lero idziwika ndi dzina la Justo Mwale University.

Ku mpingo wa Angilikani kunali Bambo Leonard Kamungu, mbadwa ya dera la Nkhotakota, amene anaphunzira ku Zanzibar. Iwo analandira udikoni m'caka ca 1902, nayembekeza kufikira 1909 kuti alandire unsembe. Ndiwo anadzayamba nchito pa Msoro pakati pa Akunda, ndipo anamwalira pomwepo m'caka ca 1913. Akatolika nao anatsegula seminale yaikulu pa Kachebere, pafupi ndi malire a Mchinji, m'caka ca 1939, ndipo anyamata a kuno anali kuoloka malire kukaphunzira kumeneko. Mmodzi wa iwo anali Medardo Mazombwe, amene anadzozedwa unsembe m'caka ca 1960, naikidwa kukhala bishopu wa Chipata m'caka ca 1971, ndipo m'caka ca 2010 anakhala kadinala.

Sitinganene kuti kucedwa konseko kunali nzeru yokha-yokha ai. Mbali ina kunali kukaika kwa azungu, amene sanali kukhulupirira msanga kuti munthu wakuda angatsogolere mpingo. Komabe m'njira yakaleyo munali cinthu cimodzi coyenera kucikumbukira. Ambiri a abusa oyamba anayamba akhala aphunzitsi a sukulu za m'midzi kapena alaliki zaka zambiri, akulima munda wao ndi kulera ana ao pamaso pa anthu. Pofika tsiku lowaika manja, panalibe cobisika pa iwo. Lero mnyamata amacoka pa mudzi atangotsiriza Giredi 12, nakakhala ku Lusaka kapena ku Kitwe pakati pa aphunzitsi amene sadziwa ngakhale dzina la mfumu ya kwao. Pa cifukwa cimeneci mipingo inakonza makwerero ena, kuti mau a kumudzi afike kwa oyesa.

MAKWERERO A MASIKU ANO

M'mipingo yolamulidwa ndi akulu, monga Reformed Church in Zambia ndi CCAP, munthu sangodzuka yekha kupita ku sukulu ya ubusa. Amayamba wauza mbusa wake ndi bwalo la akulu a mpingo wa kwao, ndipo iwo ndiwo amalemba kalata yomcitira umboni. Kucokera apo dzina lake limapita ku presibiteri, ndiye msonkhano wa mipingo ya dera limodzi, ndi ku mabungwe a sinodi, kumene amamfunsa maso ndi maso. Ali pa sukulu amatumizidwa ku mipingo kukaphunzira nchito pansi pa mbusa wamkulu, amene amalemba za m'mene anayendera. Akatsiriza maphunziro, mpingo umamuyesanso usanamlole kulalikira ndi kudzozedwa, pakuti satifiketi imacokera ku sukulu, koma kuika manja ndi kwa mpingo. Masiku ano m'mpingo wa Reformed akazi naonso amadzozedwa ubusa, ndipo amakwera makwerero omwewo.

Kwa Akatolika njira ndi yaitali kopambana. Mnyamata amayamba ndi nthawi yophunzira za moyo wauzimu pa Emmaus mu Lusaka, napita ku Mpima pafupi ndi Kabwe kukaphunzira filosofi, natsiriza ndi maphunziro a zaumulungu pa seminale ya St Dominic's mu Lusaka. Pakati pake amatumizidwa ku parishi kukagwira nchito pakati pa anthu. Malamulo a mpingowu, amene anakonzedwanso m'caka ca 1983, afuna kuti maphunziro a filosofi ndi zaumulungu pamodzi asacepere zaka 6, kuti wolandira udikoni pa njira ya ku unsembe akhale atakwanitsa zaka 23, ndi kuti wolandira unsembe akhale atakwanitsa zaka 25, patapita miyezi 6 kapena kuposa cilandirire udikoni. Mnyamatayo ayenera kulemba ndi dzanja lake kalata yonena kuti apempha yekha, popanda womkakamiza.

Malamulo omwewo ali ndi mfundo imene Akristu ambiri a kumudzi saidziwa. Mkristu ali yense wodziwa coletsa ciri conse pa munthu wofuna kudzozedwa ali ndi udindo wokacinena kwa bishopu kapena kwa bambo mfumu tsiku lisanafike. Ndipo pa tsiku lenilenilo, manja asanaikidwe, bishopu amafunsa poyera ngati anyamatawo apezeka oyenera, ndipo woyankha amanena kuti anthu a mpingo anafunsidwa. Angilikani naonso ali ndi mwambo wakale wolengeza dzina la wofuna kudzozedwa ku parishi ya kwao. Tsono ngati anthu anafunsidwa koma anasunga pakamwa, yankho lija limakhala lopanda kanthu m'kati mwake.

ZIMENE OYESA AMAFUNA KUONA

Coyamba ndi maitanidwe. Oyesa amafuna kudziwa ngati munthuyo afunadi kutumikira, kapena wangosowa malo ku koleji ina, kapena wakopeka ndi kolala, nyumba ya malata ndi nkhuku zimene amphawi amaphera abusa. Caciwiri ndi maphunziro: kudziwa Baibulo, ciphunzitso ndi malongosoledwe a mpingo wake, ndi kutha kuzifotokoza m'cinenero ca anthu, kuti agogo okhala pa mphasa kumbuyo amve. Cacitatu ndi nchito: m'mene acezera odwala, m'mene aphunzitsira ana, ndi ngati alola kupalasa njinga m'matope a mwezi wa February kukafika ku kagulu ka anthu khumi. Amaonanso thanzi lake la thupi ndi la maganizo, ndipo m'mipingo imene abusa amakwatira, amafuna kudziwa maganizo a mkazi kapena mwamuna wake, popeza banja lonse limasenza goli limeneli.

Cotsiriza, ndiponso covuta kupambana zonse, ndico khalidwe. Mipingo yonse poyesa imatsamira pa kalata yoyamba ya Paulo kwa Timoteo, mutu 3, m'mene muli mndandanda wa zofunika pa woyang'anira mpingo. Wowerenga mosamala adzaona kuti pa mndandanda wonsewo, cimodzi cokha ndico cikhudza luso la kuphunzitsa. Zina zonse zikamba za ukwati, mowa, ndeu, ndalama, kulandira alendo, kulera ana, ndi mbiri ya munthuyo pakati pa anthu amene sali a mpingo. Zinthu zimenezi sizilembedwa pa pepala la mayeso. Munthu angathe kukhala wofatsa mphindi 40 pamaso pa bungwe lomfunsa, ndipo angathe kuloweza mayankho onse. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Odziwa za m'kati ndiwo anansi amene anamva kulira kwa mkazi wake usiku, msungi-cuma wa gulu la acinyamata amene anaona ndalama za kwaya zikusowa, ndi makolo a mtsikana amene anasiyidwa ndi mwana.

KUBISA NDI KUNAMIZIRA

Pali matenda awiri amene amaononga umboni wa kumudzi. Oyamba ndiwo kubisa. Anthu amati ndi mwana wathu, tisamtsekere mwai. Kapena amaopa kuti atate ake ndi mkulu wa mpingo, kapena ndi mbale wa mfumu. Ena amati akapita ku sukulu adzasintha. Koma sukulu imaonjezera nzeru pa munthu amene yalandira, siimuumba kaciwiri. Amene tambisa lero adzatumizidwa ku mpingo wa anthu ena osamdziwa, ndipo ana ao ndiwo adzalipira cifundo cathu. Nayenso mnyamatayo sitinamthandize, pakuti kubwezedwa ali wophunzira ndi kopepuka, koma kucotsedwa pa ubusa ali ndi banja ndi manyazi a moyo wonse.

Matenda aciwiri ndiwo kunamizira. M'midzi mwathu muli milandu ya malire a minda ndi nsanje za pa cibale, ndipo munthu woipa mtima angathe kulemba kalata yopanda dzina kuti agwetse mwana wa mnzake. Ici naco cimalanda mpingo munthu wabwino. Wocita umboni anene cimene anaona ndi maso ake kapena cimene cinamcitikira iye mwini, achule nthawi ndi malo, ndipo akacinene kwa mbusa, kwa bambo mfumu kapena kwa akulu, osati pa msika. Asiyanitsenso pakati pa colakwa ca ubwana cimene munthu anacileka nacikonza, ndi cizolowezi cimene acita nacobe mobisa. Kuweruza ndi kwa oyesa. Kwa ife ndi kuwapatsa zoona. Ndipo tisaiwale kuti umboni suli wa zoipa zokha. Ngati mnyamatayo anali kutungira madzi nkhalamba yosowa mbale, kapena anabweza ndalama imene anaitola, zimenezonso oyesa afuna kuzimva.

Makolo naonso ali ndi mbali yao. Si cacilendo kuona mnyamata akukhalabe ku seminale cifukwa coopa kukhumudwitsa amai ake, amene mudzi wonse unayamba kale kuwachula amake a Bambo. Mwana wotere akabwerera kwao asanadzozedwe, kaya mwa kufuna kwake kaya mwa uphungu wa aphunzitsi, asalandiridwe monga wogwa. Ciyeso cagwira nchito yake, ndipo ambiri otere amadzakhala aphunzitsi, alimi ndi akulu a mpingo odalirika.

AMENE SANAYESEDWE NDI MUNTHU

Kuyambira pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, mipingo yatsopano yaculuka kwambiri, kufikira ndi m'midzi yakutali. Ina mwa iyo ili ndi sukulu zao ndi njira zabwino zoyesera atumiki ao. Koma kulinso anthu amene amafika pa mudzi ndi cokuzira mau, nadzichula okha abusa kapena aneneri. Ena amaonetsa pepala la boma. Tidziwe kuti pepala la ku ofesi yolembetsa mabungwe lionetsa kuti gululo linalembedwa m'kaundula. Silinena kuti munthuyo anayesedwa pa ciphunzitso kapena pa khalidwe.

Mafumu ndi anthu ao ali ndi ufulu wofunsa mlendo wotere mwaulemu: Munaphunzira kuti? Anakuikani manja ndani? Kwanu ndi kuti, ndipo ndani kumeneko angakucitireni umboni? Mukalakwa, tikanene kwa yani? Mtumiki woona sakwiya ndi mafunso awa, pakuti anawayankha kale pamaso pa akulu ake. Wokwiya nao, kapena woyankha kuti iye ayankha kwa Mulungu yekha, anthu aganize kawiri asanampatse mbuzi zao ndi ana ao.

Mlimi posankha cimanga ca mbeu sayang'ana makoko. Amasenda, naona ngati maso ake ali odzaza ndi opanda anankafumbwe, cifukwa adziwa kuti cimene asunga lero ndico adzadya caka camawa. Tsono dzina la mwana wa pa mudzi panu likadzawerengedwa m'chalichi, ndipo inu mudziwa kanthu, kabwino kapena koipa, dikirani anthu atuluke, mupite kwa akulu, mukanene.