Mafunso a mwana si phokoso

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Koma m'makomo ambiri, mwana wa zaka zitatu kapena zinayi akayamba kufunsa, yankho lomwe amalandira ndi loti: "Iwe, tachoka apa, wandisokosa!"

Nzosadabwitsa. Mayi amene watandala pamsika wa Lizulu kugulitsa kabichi, kapena bambo yemwe wapalasa kabaza tsiku lonse pa Mponela, amafika pakhomo atatheratu. Ndiye kamwana kazifunsa chifukwa chimene mwezi ukukatsatira kulikonse?

Vuto nlakuti msinkhu umenewu sudikira munthu. Mwana amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, m'sukulu zambiri kalasi imodzi imakhala ndi ana oposa 100. Mphunzitsi mmodzi sangayankhe funso la aliyense. Kafukufuku wa kawerengedwe yemwe adachitika m'dziko muno mu 2010 adapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la nkhani ya m'Chichewa. Mwana amene adazolowera kukalipiridwa akafunsa kunyumba, m'chigulu chotere amangokhala duu mpaka chaka kutha.

Chikhalirecho mayankho ambiri ali pabwalo pomwepo, aulere.

Mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zimadzadza pa getsi la pagolosale. Mwana akafunsa komwe zachokera, nkosavuta kumuuza kuti ngumbi ndi chiswe chomwe, koma cha mapiko. Zimatuluka m'chulu kuti yaimuna ndi yaikazi zipezane, zithothole mapiko, zilowe pansi nkuyambitsa chulu chatsopano. M'mawa mwake mwana akhoza kutola mapikowo yekha nkumawawerenga.

Nanzikambe ndiye amanamiziridwa zambiri. Ana amaopsezedwa naye, pomwe alibe ululu uliwonse. Khungu lake limasintha mtundu malinga ndi kutentha, kuwala ngakhalenso mkwiyo, osati pofuna kubisala kokha, ndipo diso lililonse limatha kuyang'ana kwakekwake. Kadzidzi naye, yemwe akalira padenga anthu amati kugwa maliro, amakhala akusaka makoswe omwe amatha chimanga m'nkhokwe. Kumuuza mwana kuti ndi mbalame ya afiti kumatseka pakamwa msanga, inde, koma mantha ake amakula nawo.

Ngakhale udzudzu uli ndi phunziro. Woluma ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Mwana akamva zimenezi savutanso kwambiri kulowa m'neti.

Ana ena chidwi chawo chimakhala pa mawu. Bwanji nsapato imatchedwa nsapato? Mawuwa adabwera ndi Apwitikizi, omwe amati sapato, monganso kalata ndi mbatata. Ndege ndi mawu a Chiswahili, ndipo kumeneko amatanthauzanso mbalame. Buku, sukulu ndi supuni zidachokera ku Chingerezi. Agogo akamaponya ndagi ndi kuimba nthano madzulo, amakhala akugwira ntchito yomweyi, kungoti masiku ano foni ndi kanema wa pamsika zikuwalanda ana.

Nanga kholo likapanda kudziwa yankho? Kunena kuti "sindikudziwa, tikafunse agogo ako" kulibe manyazi. Choipa nkupeka bodza, poti mwana wa msinkhu uwu amasunga zonse ndipo tsiku lina adzazinena pagulu.

Mabuku a ana ndi okwera mtengo, ndipo m'matauni ang'onoang'ono sapezeka wambawamba. Bungwe la National Library Service lili ndi nthambi m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba komanso m'maboma ena, ndipo kholo likapita kumeneko pa zifukwa zina lingathe kupatukirako ndi mwana. Sukulu za mmera mpoyamba zina zilinso ndi timabuku ta zithunzi. Koma mwana wa zaka zinayi sasankha. Zolemba za pa paketi ya shuga, pa thumba la feteleza, pa chikwangwani cha chigayo ngakhale pa minibasi ya ku Dedza zimamukwanira kuti azindikire chilembo choyamba cha dzina lake.

Pofunika maso mpakuti mwana wachidwi safunsa ndi pakamwa pokha. Amagwira, amanunkhiza, amalawa. Botolo la Fanta lothiramo parafini kapena mankhwala opopera tomato lisakhale pansi, ndipo akafuna kukaona mbululu kudambo, wamkulu apite naye atamugwira dzanja.